ZA NTHENDA ZOTSEGULIRANA CIPATA M'KHOLA LA NKHUKU



Mwa ziweto zonse zimene Mulungu anatipatsa, palibe cina cothandiza wosauka monga nkhuku. Mlendo akafika, ndiwo zace ndi nkhuku. Mwana akasowa cobvala ca ku sukulu, amace agwira tambala napita naye kumsika. Ndipo mkazi wamasiye, amene alibe ng'ombe kapena mbuzi, cuma cace conse cigona m'kakhola kamodzi kuseri kwa nyumba. Cifukwa cace nthenda ikasesa m'khola, umphawi ulowa m'nyumba tsiku lomwelo.

Tsono pali dandaulo limene limveka kawiri-kawiri, m'midzi ndi kwa iwo akuweta nkhuku za cizungu pafupi ndi matauni. Wina ati, Ndinatemera nkhuku zanga, koma citopa cazitha, katemerayo ngwonama. Wina ati, Za mnansi wanga ziri moyo, zanga zokha zafa. Pali munthu pamenepa. Woyambayo aleka katemera, natayanso nkhuku caka camawa. Waciwiriyo ada mbale wace wosalakwa, ndipo akuru a Mpingo akhala ndi mlandu woweruza. Ndifuna kukufotokozerani cinthu cimodzi cimene madotolo a ziweto anacisanthula, ndico ici: nthenda imene muiona irikupha, kawiri-kawiri siyo inayamba kulowa. Isanafike iyo inalowa inzace mwakacetecete, nipha alonda a m'thupi, nisiya cipata cotseguka.

I. ZA ALONDA A M'THUPI LA NKHUKU

Akuru athu asimba za masiku a nkhondo, pamene midzi inamanga malinga poopa adani ndi ogula akapolo. Linga lokha silinapulumutsa mudzi. Panafunika amuna a nthungo oima pacipata, panafunikanso osula okhala pacipala, akusula mibvi usana ndi usiku. Momwemo Mlengi anakonza thupi la nkhuku, ndi lathu lomwe.

Adani a nkhuku ndi tizirombo tosaoneka ndi maso. Mwa ito muli mtundu wina, dzina lace vairasi, wocepetsetsa koposa tonse. Vairasi sakhoza kubala pa yekha. Alowa m'timagawo tating'ono ta thupi, ndito maselo, nawakakamiza kumpangira ana ace ambiri-mbiri, kufikira maselowo afa. Citopa, Gumboro, ndi nthenda zina ziwiri ndidzazichula m'munsimu, zonse zidza ndi mavairasi, yense ndi mtundu wace.

Polimbana nao thupi liri ndi asilikari a magulu awiri, ndipo gulu liri lonse liri ndi sukulu yace. Gulu loyamba liphunzira m'timinofu totsatana m'mbali zonse ziwiri za khosi, dzina lace thymus. Awa ndiwo a nthungo, akupha maselo amene mdani wabisalamo. Gulu laciwiri liphunzira m'kathumba kokhala pamwamba pa poturukira zitosi, kukula kwace ngati nzama kapena kuposerapo pang'ono, dzina lace bursa. Awa ndiwo osula, ndipo mibvi yao iyenda m'mwazi. Mubvi uli wonse usulidwira mdani mmodzi: wa citopa sulasa Gumboro, ndi wa Gumboro sulasa citopa.

Kathumbako anakafotokoza poyamba Hieronymus Fabricius, mphunzitsi wa za thupi ku Padua, m'dziko la Italy, ndipo zolemba zace zinasindikizidwa mu 1621, iye atafa kale. Koma nchito yace ya kathumba inabisika zaka zoposa 300. Bruce Glick, wophunzira wa ku Ohio State University ku America, anacotsa timatumbati mwa anapiye kuti aone cimene cidzacitika. Ndipo anapiyewo anakula monga anzao. Pambuyo pace mnzace, Timothy Chang, anatengako nkhukuzo kuti aonetse ophunzira ena m'mene mwazi upangira mibvi, nazibaya tizirombo; koma zocotsedwa kathumba zija zinalephera kupanga mibviyo. Awiriwo analengeza zimenezi mu 1956, ndipo kufikira lero osulawo adziwika ndi cilembo ca B, ca bursa, ndi a nthungo ndi cilembo ca T, ca thymus.

Zinthu ziwiri muzisunge pamenepa. Coyamba, bursa agwira nchito yace yaikuru pa masabata oyamba a mwanapiye, natumiza osula ophunzira ku thupi lonse. Nkhuku ikayandikira kuikira, kathumbako kafota, pakuti katsiriza nchito yace. Caciwiri, mwanapiye saswedwa wopanda cida: mace amsiyira mibvi yace m'cacikasu ca dzira, ya nthenda zimene thadziyo anadwalapo kapena kutemeredwa. Koma mibvi yobwereka iyi icepa tsiku ndi tsiku, ndipo pakutha masabata 2 kapena 3 yatsala pang'ono.

II. ZA NTHENDA IMENE IPHA OSULA

Dzina la Gumboro limveka ngati la kwathu, koma ndi la kamudzi ka ku Delaware, ku America, kumene nthendayi inaoneka mu 1957. Ndipo dotolo Albert Cosgrove anaifotokoza mu 1962. Lero iri pafupi-fupi m'maiko onse, ndi kuno kwathu komwe.

Kacirombo kace kalowa pakamwa pamodzi ndi cakudya kapena madzi odetsedwa ndi zitosi, nikalunjika ku bursa, nikapha osula ali cikhalire pa sukulu. Ikagwira anapiye a masabata 3 kufikira 6, ioneka poyera patapita masiku 2 kapena 3: anapiye aunjikana, nthenga zinyankhalala, anjenjemera, atsegula m'mimba zoyera zamadzi, ndipo ena adzijompha kumbuyo. Imfa zicuruka masiku owerengeka, ndipo pakutha sabata zileka. Kuyambira ca mu 1987 kunabuka ku Ulaya mtundu wina waukali koposa, umene unafalikira ku Asia ndi ku Africa. Uwu ukhoza kupha theka la khola kapena kuposa, maka-maka mwa nkhuku za mtundu wa mazira.

Koma coopsa cacikuru ciri pa anapiye aang'ono, osafika masabata 3, amene mai wao sanawasiyira mibvi yokwanira. Awa ikawagwira saoneka kudwala konse. Adya, athamanga, ndipo mwini wace akondwera; koma m'kati kathumba kaonongeka osula asanaturuke. Nkhuku yotere ikula monga mudzi wokhala ndi linga lokongola, koma m'cipala mwace moto unazima kale.

Mu 1972 madotolo atatu a ku England, Allan, Faragher ndi Cullen, anaonetsa cipatso cace ca cinthu ici. Anapatsa anapiye kacirombo ka Gumboro, nawatemera katemera wa citopa pambuyo pace, napeza kuti mwazi wao unapanga mibvi yocepa. Posanthulabe anaona kuti kuonongako kunali kwakukuru mwa ogwidwa tsiku loyamba la moyo wao, kocepako mwa ogwidwa atatha sabata, ndi kwakung'ono ndithu mwa ogwidwa atatha masabata 2 kapena 3.

Apa ndipo pali yankho la mbale uja wonena kuti katemera ngwonama. Katemera sali mankhwala akupha nthenda. Ali monga mthenga wofika kwa osula ndi cifaniziro ca mdani, nati, Wotere alinkudza, sulani mibvi. Osula akakhalapo, mibvi isulidwa. Koma akafa kale, mthengayo alankhula m'cipala copanda anthu. Ndipo citopa cikafika cipeza mudzi wopanda cida. Anthu adzati, Yafa ndi citopa, ndipo anena zoona. Koma wotsegula cipata anali Gumboro, amene sanamuona munthu.

III. ZA ADANI AKUTHANDIZANA

Mu 1979, ku Japan, Yuasa ndi anzace anapeza vairasi wina, wakutha mwazi wa anapiye. Uyu aononga malo awiri: mafuta a m'mafupa, kumene mwazi upangidwa, ndi thymus, sukulu ija ya a nthungo. Asiyana ndi Gumboro pa cinthu ici, kuti akhoza kucokera kwa thadzi kulowa m'dzira, ndipo mwanapiye aswedwa ali naye kale. Pakutha ngati masabata 2 anapiye otere atuwa, afooka, sakula, mwazi wao ukhala wamadzi-madzi, ndipo ena acita mabala akuda m'mapiko, kumene mwazi waturukira pansi pa khungu.

Mwa iye yekha vairasi uyu alibe mphamvu yaikuru pa mwanapiye wopitirira masabata 2 kapena 3, pakuti pamenepo osula akhwima, namgonjetsa ndi mibvi asanathe mwazi. Koma mu 1980 Yuasa ndi anzace anaonetsanso kuti Gumboro akatsogola, ngakhale anapiye a msinkhu umenewo agwa ndi kutha mwazi. Taonani m'mene adani awiriwa athandizirana. Woyamba apha osula, kotero kuti palibe mubvi woletsa waciwiri. Waciwiri apha a nthungo. Magulu onse awiri akagwa, kuononga kwao kuposa kumene yense akadacita pa yekha; imfa zicuruka, ndipo otsala acedwa kucira.

Pali mdani wacitatu, nthenda ya Marek, imene inatenga dzina la József Marek, dotolo wa ku Hungary, amene anaifotokoza mu 1907. Vairasi wace anadziwika mu 1967, ndi katemera wace anayamba kugwira nchito ca mu 1970. Uyu aturuka ndi pfumbi la m'nthenga, nakhala wamoyo m'pfumbimo miyezi yambiri, nalowa mwa anapiye popuma mpweya. Poyamba afooketsa bursa ndi thymus pamodzi. Pambuyo pace, kawiri-kawiri nkhuku iri ya miyezi 3 kufikira 6, abala zotupa m'ciwindi ndi m'ziwalo zina, kapena apuwalitsa miyendo, ndipo muona nkhuku yagona mwendo wina kutsogolo, wina kumbuyo. Katemera wace abayidwa mwanapiye ataswedwa kumene, kapena ali m'dzira. Koma Gumboro kapena wakutha mwazi akalowa masiku oyambawo, mphamvu ya katemerayo icepa.

Alonda akatha, ngakhale akuba ang'ono-ang'ono alowa. Tizirombo tina, timene nkhuku yamphamvu ikhala nato osadwala, tiuka: cifuwa cosatha, zitosi za mwazi, zironda zonunkha za pakhungu. Mwini wace agula makapisozi, nathira m'madzi. Nkhuku zicira pang'ono, nizidwalanso ndi nthenda yina. Dziwani kuti makapisozi sapha vairasi ali yense, ndipo sadzutsa osula akufa. Ndalama zipita, ndipo khola likhala la nkhuku zosalingana msinkhu, zakudya kwambiri osanenepa.

Zimenezi siziri zacilendo kwa ife. Amai adziwa kuti mwana akacira cikuku, masabata otsatira agwidwa msanga ndi cibayo kapena kutsegula m'mimba, pakuti cikuku cifooketsa alonda. Tidziwanso, ndi misozi, kuti kacirombo ka HIV kapha asilikari a m'thupi mwakacetecete zaka zambiri, ndipo cifuwa cacikuru ca TB cilowa pa cipata cimeneco. Gumboro ndi Marek sizigwira anthu. Koma njira ya mdani ndi yomweyo.

IV. ZOYENERA KUCITA

Nkhanga zinapangana kusanapse. Popeza nthenda izi ziribe mankhwala ociza, nchito yathu yonse iri pa kusunga alonda, maka-maka pa masabata oyamba.

1. Patulani misinkhu. Nkhuku yaikuru ikhoza kusenza tizirombo iri yosaoneka kudwala. Inu akugula anapiye a cizungu, kapena a Mikolongwe, musawaike m'nyumba imodzi ndi nkhuku zazikuru, ndipo muyambe kusamalira aang'ono musanalowe kwa akuru. Nkhuku yogula kumsika, kapena ya mphatso, ikhale payokha masabata 2 isanasakanizidwe ndi zinzace.

2. Yeretsani nyumba pakati pa gulu ndi gulu. Kacirombo ka Gumboro nkolimba zedi: kanapezeka kamoyo m'nyumba ya nkhuku patapita masiku 122 nkhuku zitacotsedwamo, ndi m'cakudya, madzi ndi zitosi patapita masiku 52. Cotsani utuci ndi zitosi zonse kunka nazo kutali, sesani pfumbi la kudenga ndi m'makoma, tsukani modyera ndi momwera ndi sopo, thirani mankhwala amene alangizi a ziweto akuuzani, ndipo nyumba ikhale youma, yopanda nkhuku, masabata 2 kapena kuposa.

3. Temerani mwa dongosolo. Pogula anapiye funsani ngati anabayidwa katemera wa Marek, ndi ngati amai ao anatemeredwa Gumboro. Katemera wa Gumboro apatsidwa m'madzi akumwa, anapiye ali ngati a masabata 2 kapena 3. Tsiku leni-leni funsani alangizi, pakuti mukafulumira, mibvi ya mai ipha katemerayo asanagwire nchito, ndipo mukacedwa, nthenda ifika patsogolo pace. Madzi ace akhale oyera, opanda mankhwala a klorini, ndi osakhala padzuwa. Ndipo anapiye awamwe onse asanathe maora 2.

4. Musaleke katemera wa citopa. Citopa, cimene cinadziwika mu 1926 ku Java ndi ku Newcastle upon Tyne, ndico cikupha nkhuku za m'midzi koposa nthenda zonse. Katemera wa I-2, amene anakonzedwa ku University of Queensland ku Australia, nayamba pambuyo pace kupangidwa ku Central Veterinary Laboratory ku Lilongwe, apirira kutentha koposa akatemera ena, ngakhale ayenera kusungidwa pozizira ndi pamthunzi. Dontho limodzi m'diso la nkhuku iri yonse, yaikuru ndi yaing'ono, miyezi 4 iri yonse, ndilo lamulo lace. Temerani nkhuku ziri zamoyo bwino. Nthenda italowa kale, nthawi yapita.

5. Samalani cakudya ndi pogona. Cimanga, madeya ndi mtedza wa cuku ziri ndi ululu umene ufooketsanso alonda a m'thupi. Mu 1960 nkhuku-ndembo zokwana ngati 100,000 zinafa ku England ndi cakudya ca mtedza wotere wocokera ku Brazil. Cimene simufuna kupatsa ana anu cifukwa ca cuku, musapatse anapiye. Kuzizira, kuthinana, njala ndi ludzu, zonsezi zithandiza mdani.

6. Zakufa muzikwirire mozama, kapena kuzitentha. Musataye kudzala, kumene agaru adzazikokera kwa anansi. Ndipo anapiye akayamba kufa, itanani alangizi a ziweto msanga. Iwo akatumbula wakufa kumene, akhoza kuona ngati kathumba katupa kapena kafota.

Inu aphunzitsi, nchito iyi ndi yanunso. Sungani kabuku ka nkhuku za pa sukulu, kolembamo tsiku lofika anapiye, masiku a katemera, ndi tsiku ndi msinkhu wa iri yonse yakufa. Pakuti kabuku kotere kadzaulula cimene cikumbukiro ca munthu cibisa. Kumbutsani mudzi mwezi wa katemera, kuti onse atemere pamodzi. Mutu umodzi susenza denga, ndipo nkhuku za m'mudzi sizidziwa malire a pabwalo.

V. PHUNZIRO LA KWA IFE

Tsono, abale, cinthu ici citiphunzitsa kuweruza mofatsa. Makola awiri akhoza kukhala moyandikana, nalandira katemera wa m'botolo limodzi. Lina lipulumuka, lina litha. Kusiyanako kunacitika kale, pa masabata oyamba, m'kathumba kosaoneka. Musathamangire kwa woombeza ula, ndipo musaloze cala nkhalamba ya m'mudzi. Wakucita ici aonjezera cimo pa tsoka, nataya mbale pamodzi ndi nkhuku.

Citiphunzitsanso cilungamo ca pa malonda. Ambiri akaona nkhuku zayamba kuodzera, azithamangitsira kumsika, kuti tsoka ligwere wina. Mkristu sayenera kutero. Wogulitsa nkhuku yodwala mobisa atenga ndalama ya mnansi wace, namtumizira imfa m'khola. Ndipo ndalama yotere siyenera kulowa m'mbale ya copereka. Kuli bwino kucenjeza mudzi, kuti ena atseke makola ao.

Potsiriza, werengani Mateyu 12:43-45, za mzimu woipa umene unapeza nyumba yopanda mwini, nukaitana anzace. Zoipa sizikonda kuyenda zokha. Munthu akagwa m'cimo loonekera, la kuledzera, kapena cigololo, kapena kuba, tonse tizizwa, nitinena kuti wagwa mwadzidzidzi. Koma kawiri-kawiri linatsogola lina losaoneka: analeka kupemphera, anazolowera kabodza kakang'ono, anasunga kakukhosi ndi mbale wace. Pamaso pa anthu anali bwino, monga mwanapiye uja wakudya ndi kuthamanga. Koma cikumbumtima, ndiye mlonda wa moyo, cinalikufa. Ndipo pamenepo ngakhale Mau olalikidwa Sabata ndi Sabata afika monga mthenga m'cipala cozima.

Ndipo monga kwa anapiye, momwemonso kwa ana athu: masiku oyamba ndiwo a mtengo wapatali. Cimene cionongeka mwa mwana ali wamng'ono cibvuta kukonza atakula. Akubala ndi aphunzitsi, dikirani pacipata pa nthawi imeneyo.

Koma pa cinthu cimodzi fanizo ili liperewera, ndipo tiyamika Mulungu cifukwa ca ico. Kathumba ka nkhuku kakaonongeka kotheratu, palibe dotolo wokhoza kukabweza. Koma mtima wa munthu uli naye wokhoza kuukonzanso. Ambuye wathu, pa Mateyu 23:37, sanacita manyazi kudzifanizira ndi thadzi wosunga ana ace. Iye amene anaika alonda m'thupi la kamwanapiye, atipatse nzeru ya kusamala ziweto zathu, cikondi ca kusunga anansi athu, ndi mtima wodikira kufikira tsiku lace. Amen.